A Tadikirani ndi Malenzi Awo Atatu

Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula pakhonde la masitolo pamene akhala akukonza mawotchi chiyambire unyamata wawo, anthu adzangoyang'anizana. Funsani za a Tadikirani. Aliyense adzakulozerani katebulo ka galasi pamwamba, mawotchi ali ndandanda m'kati, ndi mkulu wowonda wa imvi, kagalasi kali padiso, kamera ili lende pachifuwa.

Dzinalo sanalitole kumawotchi ayi. Wotchi amakonza msanga, ndipo ikachoka m'manja mwawo sinamanso. Analitola kukamera. A Tadikirani ndi mtundu uja wa anthu ojambula zithunzi chifukwa chongokonda, osatumidwa ndi munthu, ndipo anthu amenewa matenda awo ndi amodzi: chinthu chikamachitika, lenzi imene ili pakamera imakhala yolakwika. Basi chikwama tsegu, "Tadikirani pang'ono," kumasula iyi, kupukuta iyo, kumanga, kukweza kamera. Pofika apo mwana wasiya kuseka, mbalame yauluka kalekale.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene tsopano ndi mphunzitsi kumzinda wina wakutali, amati tsiku limene ankalandira digiri bambo ake anajambula bwino zedi msana wa munthu wobwera pambuyo pake. Mdzukulu atazimitsa makandulo a pakeke, chithunzi chinatuluka cha utsi wokhawokha.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankadziteteza choncho.

"Nkhono yanuyo inatopa n'kupita kwawo," ankayankha akazi awo, osadzutsa n'komwe mutu pamakina osokera.

Akazi awowo ndiwo a Telala, ndipo nkhani ya a Tadikirani siyenda popanda iwo. Anakumana pakhonde lomwelo. Masiku amenewo mnyamata wa mawotchi anali atangopeza kamera yake yoyamba, ya filimu, yolemera ngati njerwa, imene bwana wina anamusiyira atagula yatsopano. Inali ndi lenzi yaitali yokokera zakutali, ndipo mnyamatayo anali wamanyazi oopsa, moti zinagwirizana. Kumapeto kwa khonde kunali mtsikana wopalasa makina, singano ili kukamwa. Mnyamata wathu sakanatha kunena ngakhale "mwaswera bwanji," koma kubisala kuseri kwa chipilala n'kuloza kamera, zimenezo ankatha. Tsoka lake, makamera akale sankasunga chinsinsi. Ukadina batani ankalira kuti khwatcha, khonde lonse n'kumva.

Tsiku lina mtsikana uja anaimirira, sizasi ili m'manja, n'kuyamba kubwera. Mnyamata anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda chipilala.

"Achimwene," anatero mtsikanayo, "mukafuna nkhope yanga muzipempha. Si ya boma." Kenaka anamuyang'ana pachifuwa. "Ndipo batani lanulo likugwa. Bweretsani malayawo mawa."

Malaya anapita, batani linasokedwa, ndipo zinazo zinangotsatira zokha. A Tadikirani amanena mpaka lero kuti m'moyo wawo sanafunsirepo mkazi, anangogwidwa.

Kamera yamakono inabwera imvi zitachuluka, khosi litayamba kudandaula ndi kulemera kwa zakale zija. Anasankha ija amati yopanda galasi, chifukwa m'kati mwake mulibe kagalasi kaja kankagubuduka n'kulira khwatcha. Ndi yaing'ono, yopepuka, ndipo ukafuna imajambula mwakachetechete ngati mphaka akuyenda. Ukaika diso poyang'anira, umaona chithunzi monga mmene chidzatulukire. Chimene chinawatenga mtima kwambiri ndi kabokosi kobiriwira kamene kamathamangathamanga m'chithunzimo kusaka diso la munthu. Kakalipeza kamakakamira pomwepo, ndipo ukadina, nsidze iliyonse imawerengeka. Munthu wa mawotchi, amene moyo wake wonse wakhala akugwira timawilo ndi kapani, anaona kuti apa wapeza mnzake.

Kusankha kamera kunali kosavuta. Kusankha malenzi ndiye kunadya miyezi. Ankaonera mafilimu a akatswiri pafoni mpaka batire kutha, n'kumakambirana okha pachakudya: iyi imalowetsa kuwala kwambiri koma sikoka, iyi imakoka koma ndi yolemera, iyi imafafaniza zakumbuyo munthu n'kutsala yekha ngati wodulidwa ndi sizasi. A Telala anamvetsera mpaka makutu kuwawa. Malenzi atakwana atatu, iwo ndiwo anawapatsa maina, poti manambala ake sankawakumbukira. Yotambasula, imene imameza chipinda chonse ndi denga lomwe, anaitcha Chimeza. Yaing'ono, yosaposa chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, imene imaona monga mmene diso la munthu limaonera, inakhala Kafupi. Yaitali yokoka zakutali inakhala Mpope.

Kafupi a Tadikirani sankaikonda kwenikweni. Lenzi imeneyo sikoka, ndiye ukafuna nkhope ya munthu uyenera kunyamula mapazi ako, kumuyandikira mpaka amve fungo la sopo wako, n'kumuyankhula. Mpope ndiyo inali mwana wapamtima. Unkatha kukhala patebulo la mawotchi n'kutola nkhope ya wogulitsa nyuzi tsidya la msewu, iye osadziwa kanthu.

"Mpope ndi lenzi ya anthu amanyazi," ankatero a Telala. "Munakalamba nawo manyaziwo."

Koma Mpope inali ndi khalidwe lake. Chinthu chikayandikira kuposa utali wa bedi, inkakana. Chithunzi chonse chinkasanduka chimbuuzi, kabokosi kobiriwira n'kumangoyendayenda ngati mwana wosokera pamsika. Mankhwala ake anali amodzi, kubwerera m'mbuyo.

Lamba amene anabwera ndi kamerayo ankawasupula pakhosi, ndiye a Telala anawasokera wina ndi nsalu yolimba yotsala pa thalauza la kasitomala, m'kati n'kuikamo yofewa. Anasoka mizere itatuitatu kunsonga, uku akung'ung'udza kuti munthu wamkulu akusewera ndi zidole. Lamba ameneyo anakhala pakhosi pawo zaka.

Sitiroko inabwera m'mawa wina, nthawi imeneyi a Telala akusokera kunyumba, makina ali pawindo la pabalaza. A Tadikirani anali akumanga nsapato pamene anamva makina aleka pakati pa mzere. Anthu awiri akakhala limodzi nthawi yaitali amadziwana ndi phokoso, ndipo makina amenewo sankaima choncho. Anapeza phazi laterereka pachopondera, mayi atapendekeka, maso ali tong'o, akuyesa kunena mawu amene sankatuluka. Tsiku limenelo palibe amene anauzidwa kuti adikire.

Kuchipatala anakhalako ndithu. Potuluka, mbali ya kumanzere inali yolemera, dzanja lofooka, mwendo wokoka, ndipo mlomo unali utatsetsereka pang'ono. Pakamwa ndi pamene panayamba kuchira. Tsiku limene anamva akukalipiridwa kuti tiyi wachuluka shuga, a Tadikirani anatuluka panja n'kukalira ndi chimwemwe kuseri kwa nyumba.

Nyumba yawo ndi yaing'ono. Kumapeto kuli chipinda chogona, ndiye kolido yopapatiza yodutsa pakhomo la bafa, kenaka pabalaza. Makina anawafunditsa nsalu. A Telala anayamba kukhala pampando wa matayala, ndipo a Tadikirani anaphunzira ntchito zimene sanazilotepo: kunyamula munthu wamkulu kumuchotsa pabedi, kumusambitsa, kumanga duku. Duku loyamba linaoneka ngati bandeji, ndipo anauzidwa zimenezo mosabisa.

Kamera ndiyo inaletsedwa. Madzulo ena dzuwa linalowa pawindo n'kugwera pankhope ya mayiwo mokoma, dzanja la a Tadikirani n'kupita lokha pachifuwa.

"Musayerekeze," anatero a Telala.

"Mayi, kuwalaku..."

"Kuwala kwanuko kukhale. Mukufuna adzukulu adzandikumbukire ndili chonchi? Mlomo uli uku, ine ndili uku?" Kenaka anawonjeza motsitsa mawu. "Mudzandijambula ndili chilili. Pampando pano ayi."

Ndi kamera yosalira ija akanatha kuba zithunzi zodzaza khadi la m'kameramo, mayi osadziwa. Sanabe ngakhale chimodzi. Anauzidwa kale pakhonde paja kuti nkhope imeneyi ndi yopempha. Anangochita chinthu chimodzi: anamasula Mpope, n'kumanga Kafupi, lenzi yoyenera m'nyumba yopapatiza, n'kulumbira mumtima kuti sidzachokapo. Tsiku limenelo likadzafika, pasadzamveke "tadikirani."

Koma tsikulo silinkafika. Mayi wa mafizo, mtsikana wamphamvu wa mawu okweza amene ankabwera kudzawongola ziwalo, ankati mwendo wabwerera mokwanira. Chotsala chinali mantha. Poyesa koyamba a Telala anagwa, osapweteka kwenikweni, koma chigwereni miyendo inkanjenjemera akangoona pansi. Ndipo amene anachita mantha koposa anali a Tadikirani. Mayi akangodzuka pampando, iwo anali atafika kale, dzanja lili m'khwapa, lina m'chiuno, kuwanyamula ngati dzira.

"Bambo, mumawagwira msanga," anadandaula mayi wa mafizo. "Mwendo sungaphunzire ngati inu mukuugwirira ntchito. Patukani pang'ono. Imani apo, abwere okha."

A Tadikirani ankapatuka, inde, koma mayi akangoti dzandi, anali atabwerera.

"Koma abale," anaseka mtsikanayo mogwa mphwayi. "Odwala ena ndimawalimbitsa mtima, kuno ndiyenera kuyamba ndi wodwazika. Mbalame ikatera pauta silasika, ndaona."

Zinali zoseketsa kwa ena, kwa iwo ayi. Munthu amene moyo wake wonse ankaima patali n'kufika mochedwa, tsopano sankatha kuima patali ngakhale pang'ono. Ankadziwa kuti akulakwitsa, koma manja sankamva.

Msana wawo ndiwo unaulula. Tsiku lina pochotsa mayi m'bafa unagwira, moti onse awiri anakhala pansi pakhomo la bafalo mpaka woyandikana nawo nyumba anamva kuitana. Nkhani inafika kwa mwana wawo mphunzitsi uja, ndipo foni inalira.

"Ababa, sizingapitirire chonchi," anatero mwanayo. Sankakalipa. "Mudzagwa nonse tsiku lina popanda womva. Sukulu ikatsekera ndikubwera kudzawatenga amayi. Kuno kuli ine, kuli mkamwini wanu, kuli wantchito."

"Nanga ine, mwanawe?"

"Mukudziwa mmene nyumba yathu ilili, Ababa. Amayi azigona ndi ana. Inu muzibwera kudzawaona. Ndipo tebulo lanu mungalisiyire ndani?"

"Akayamba kuyenda?"

"Akamatha kuchoka pabedi n'kukafika kubafa okha, ine ndilibe mawu. Ndafunsa a mafizo, akuti zikatero mukhoza kukwanitsa awiri. Koma Ababa, miyezi yapita ingati?"

Mwanayo sankalakwa, ndipo n'chimene chinkapweteka. A Telala atauzidwa anangoti, "Mwana akunena zoona, msana wanu si wa chitsulo," n'kutembenukira kukhoma. Kenaka anawatuma amuna awo kuti atsitse sutikesi pamwamba pa wadiropu. Inakhala pakona yotsegula, tsiku lililonse n'kumalowamo kanthu, lero juzi, mawa Baibulo. Makina sakanapita, kumeneko kunalibe malo. A Tadikirani ankayang'ana sutikesiyo mtima ukuwawa. Chikwatirane sanagonepo nyumba zosiyana kupatula masiku a kuchipatala, ndipo sankadziwa kuti m'mawa munthu amadzuka bwanji popanda womuuza kuti kolala yapindika.

Loweruka lomaliza sukulu isanatsekere kunacha bwino. Atawasambitsa mayi, anawakhazika pampando pakhomo la chipinda, pamene pamadutsa kamphepo, moyang'ana kolido mpaka pabalaza. Iwo anapita kukatsegula makatani. Ndiye pawaya wa magetsi, kutsogolo kwa windo, panatera mbalame imene anakhala akuisaka nyengo ziwiri, yachikasu, mutu wakuda, mchira wautali.

Pano ndiyenera kuwanenera a Tadikirani, chifukwa munthu wosajambula sangamvetse. Sanaganize. Sanaiwale lumbiro lawo, kungoti manja anafika m'chikwama mutu usanafunsidwe. Kafupi inatsika, Mpope inakwera. Kamphindi kokha, anadziuza choncho, mtima upumeko.

"Bambo," anaitana a Telala kuchokera kumapeto kwa kolido. Maso a telala sakalamba pa ulusi. "Lamba wanuyo wayamba kusosoka kunsongako. Bwerani ndione."

"Tadikirani pang'ono, Mayi."

"Chinthu cholemeracho chidula lambayo. Bwerani kuno."

"Tadikirani, ikutembenuka."

Mbalame inatembenukadi, koma kumbuyo kwawo kunamveka mpando kulira kuti kwii, kenaka kupuma kwamphamvu. Anacheuka. A Telala anali chilili, dzanja lamanja litagwira felemu ya chitseko, nkhope ili gwa ndi mkwiyo. Zaka zonsezi anadikira pa maukwati, pa masiku obadwa, pa zithunzi za banja dzuwa likuwotcha. Zoti adikirenso chifukwa cha mbalame, ulendo uli pakhomo, zinawakwana.

A Tadikirani anathamanga monga mwa masiku onse, manja ali patsogolo.

"Musandigwire!" Mawuwo anawaimitsa pakati pa kolido. "Lero ndiye mwafulumira? Ndaimatu. Suja munkalira chithunzi? Jambulani msanga ndisanagwe."

Anakweza kamera. Chimbuuzi chokhachokha. Mpope! Kafupi inali m'chikwama, chikwama chili pabalaza. Mawu aja anakwera okha mpaka pammero, "Tadi...," koma anawameza. Anachita chimene wojambula aliyense amachita lenzi ikakana, anabwerera m'mbuyo. Chimbuuzi chinayera, kabokosi kobiriwira kanathamanga n'kukakamira padiso la akazi awo. Diso lawo lomwe lija la pakhonde, lakuthwa, losaopa munthu. Anadina.

"Mukupita kuti nanga? Ndati bwerani ndione lambayo."

Dzanja linachoka pafelemu n'kugwira khoma. Phazi lamanja linapita patsogolo, lamanzere linakwekwereza n'kulipeza. Nkhope inalowanso m'chimbuuzi, kabokosi kanasokera, ndipo mapazi a a Tadikirani anabwereranso okha. Kabokosi kanagwira. Anadina.

"Bambo inu, mukuseweretsa ndani? Imani pomwepo!"

"Lenziyi, Mayi, sigwira pafupi."

"Lenzi, lenzi! Ndikakupezani muiona lenziyo."

Anabweranso, iwo anabwereranso. Mayi ankakalipa, khoma likuwathandiza, patapata akulira pasimenti. Anakumbutsa za digiri ya mwana, anakumbutsa za keke, anakumbutsa ngakhale za batani lija. Bambo ankangoti "Inde, Mayi," diso lili pakamera, chala chikudina.

Anazindikira pamene m'mphepete mwa chithunzi munalowa chitseko cha bafa. Chinalowa, chinadutsa, chinatsala kumbuyo kwa phewa la akazi awo. Mayiwa anali asanaone, anali otanganidwa ndi mkwiyo. Tsopano thupi lonse la a Tadikirani linkafuna kuponya kamera, kuthamanga, kuika dzanja m'khwapa muja. Ankaona bondo likugwedera, thukuta lili pamphumi. M'moyo wawo anabwererapo m'mbuyo kambirimbiri chifukwa cha manyazi, ndipo sikunali kovuta. Kubwerera uku ndiko kunawawa. Analuma mlomo n'kuponda m'mbuyo dala.

Kolido inatha, khoma logwira linatha. A Telala anaima pamene payambira pabalaza, n'kuyang'ana pansi. Apo ndi pamene anaona kumene ali. Mkwiyo unachoka pankhope, mantha n'kulowa.

"Bambo," anatero ndi mawu aang'ono.

"Ndili pano, Mayi. Musayang'ane pansi. Yang'anani kuno, kabokosi kakufuna diso lanu." "Lamba uja ndi uyu. Akusosokadi. Tabwerani mumuone."

Anadzutsa mutu. Dzanja linasiya khoma n'kukhala m'malere. Phazi limodzi, linzake. A Tadikirani sankaonanso kanthu poyang'anira paja, ndipo ulendo uno mlandu sunali wa lenzi, misozi inali itadzaza. Anabwerera mpaka msana unagunda chinthu cholimba. Anali makina osokera. Kothawira kunatha.

A Telala analowa m'chimbuuzi, nayandikira, nayandikirabe, mpaka chithunzi chonse chinangokhala mtundu wa duku lawo. Atatsala pang'ono kufika, bondo lamanzere linapinda. A Tadikirani anataya kamera n'kutambasula manja onse awiri. Kulemera kwa Mpope kunakoka lamba kamodzi kokha, ulusi unati thu, ndipo pasimenti panamveka phokoso limene wojambula aliyense amalota usiku n'kudzuka thukuta lili kamukamu.

Sanayang'ane pansi n'komwe. Anali atawagwira akazi awo, mutu uli pachifuwa pawo pamene pamakhala kamera, onse awiri akupuma ngati athamanga mtunda.

Patapita nthawi, mawu anatuluka m'malaya mwawo. "Ndinanena ine za lambayo."

"Munanena, Mayi."

"Simumva."

"Sindimva."

Kenaka mapewa a mayiwo anayamba kugwedezeka, ndipo a Tadikirani sanadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira, mpaka anazindikira kuti zinali zonse ziwiri, poti iwonso zinali chimodzimodzi.

Kamera inapulumuka, Mpope ndiyo inalandira nkhonya yonse. Ukaigwedeza imalira m'kati ngati chitini cha misomali. Zithunzi zinali bwinobwino pakhadi.

Mphunzitsi atafika, anapeza amayi ake pabalaza, pampando wamba, wa matayala uli pakona. Bambo ake sananene zambiri, anangomupatsa kamera kuti aone pasikirini. Choyamba, amayi ali pakhomo la chipinda, maso akulavula moto. Chachiwiri, pakamwa pali yasa, chala chikuloza. Chitseko cha bafa chili kutsogolo kwawo, kenaka pambali, kenaka kumbuyo. Zomalizira zinali chimbuuzi chokhachokha, chilichonse choposa chinzake. Mwanayo anabwereza kuyambira poyamba, dzanja lili pakamwa.

"Ababa," anatero akupukuta m'maso, "moyo wanga wonse, aka n'koyamba kuti mujambule chinthu chikuchitika."

"Ndi lenzi yolakwika," anawonjeza a Telala.

Sanangokhulupirira zithunzi, mwana wa telala ameneyo. Anakhala masiku angapo akuonerera amayi ake akuyenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kupita kubafa, bambo ake ataima kumapeto kwa kolido, manja atawapinda kumbuyo ngati mwana wopatsidwa chilango. Tsiku lonyamuka, anatulutsa yekha juzi ndi Baibulo, n'kukweza sutikesi pamwamba pa wadiropu.

A Telala sanabwerere kusoka za makasitomala, ndipo mlomo sunawongoke wonse. Koma m'mawa wina analamula kuti nsalu ichoke pamakina. Phazi lamanja linapalasa, dzanja lamanja linawongolera, ndipo a Tadikirani anagwirizira nsonga ya lamba m'malo mwa dzanja lofooka lija, uku akuuzidwa kuti akukoka mokhota. Mzere unatuluka wokhotakhota ndithu, koma wolimba.

Anzawo pakhonde amawafunsa kuti munthu wokonza mawotchi akulephera bwanji kutsegula Mpope n'kuiona m'kati. Amayankha kuti adzaiona akadzapeza nthawi. Ili pashelefu, ndipo pakamera pamakhala Kafupi.

M'mawa uja, lamba atatha, a Tadikirani anamukoloweka pakhosi n'kuyang'ana akazi awo. Dzuwa la pawindo linali pankhope pawo, ulusi uli pamilomo. Ndi Kafupi panalibe zobisala kuseri kwa chipilala. Anakoka mpando, nayandikira mpaka mawondo awo anakhudzana.

"Mayi," anatero, manyazi a unyamata aja atabwerera, "ndimapempha nawo nkhope yanu."

A Telala anawayang'ana nthawi yaitali. Analavula kaulusi kaja, n'kukweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, likunjenjemera, kupita kuduku limene linali litapendekeka.

"Tadikirani," anatero.

Ndipo a Tadikirani anatsitsa kamera pamiyendo, nadikira.